Bokosi la Azulu la Perry Miniatures ndi Ntchito Yowasandutsa Angoni

Bokosi limene ndikufuna kulikamba ndi la kampani ya Perry Miniatures ya ku Nottingham, m'dziko la England, ndipo muli tizidole 38 ta pulasitiki wolimba toimira ankhondo a Chizulu a m'chaka cha 1879. Ndinaligula m'sitolo ina kuno ku Britain kumene ndikukhala, pamtengo wongopitirira pang'ono mapaundi 20, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti Azulu sindinkawafuna. Ndinkafuna Angoni. Popeza sindinapeze Angoni a pulasitiki m'masitolo amene ndimagulako, ndinatenga abale awo a kum'mwera kuti ndione ngati kampeni, guluu ndi utoto zingawaolotse Zambezi monga Zwangendaba anaolotsera anthu ake m'chaka cha 1835.

Tizidole totere ndi ta masewera a nkhondo a pa tebulo. Kwa amene sanaonepo masewera amenewa, kachitidwe kake n'kotere: anthu awiri kapena kuposerapo amayala nsalu pa tebulo lalikulu, n'kuikapo timapiri, timitengo ndi tinyumba, kenaka aliyense amandandalika gulu lake la tizidole topakidwa utoto. Kayendedwe ka magulu amakayeza ndi tepi, ndipo zotsatira za kuwombera kapena kulasana zimadziwika poponya madayisi motsata buku la malamulo. Kachidole kalikonse kamatalika pafupifupi mamilimita 28, kutanthauza kuti munthu weniweni wachepetsedwa maulendo pafupifupi 56. Ambiri mwa ife timathera nthawi yochuluka pomanga ndi kupaka utoto kuposa posewera, ndipo n'chifukwa chake bokosi lotere liyenera kuweruzidwa pa benchi yogwirira ntchito lisanafike pa tebulo la masewera.

Eni kampaniyi ndi mapasa, Alan ndi Michael Perry, amene anagwira ntchito youmba tizidole kwa zaka zambiri ku kampani ina ya tizidole yotchedwa Games Workshop. Michael anaduka mbali ya mkono wamanja m'chaka cha 1996 pa ngozi ya mzinga, pamene ankachita nawo chionetsero cha nkhondo yakale ku France, ndipo anaphunzira kuumba ndi dzanja lamanzere. Nkhaniyi imakambidwa kwambiri pakati pa okonda masewerawa, koma chimene chimandikhudza ine ndi kaumbidwe kawo. Makampani ena amaumba anthu a mitu ikuluikulu, zibakera zonga maungu ndi mikondo yonenepa ngati mitengo ya denga, pofuna kuti utoto uzipakika mosavuta. A Perry amaumba munthu wooneka ngati munthu. Azulu a m'bokosili ndi ochepa thupi, a miyendo ya anthu ozolowera kuyenda mitunda italiitali, ndipo akuthamanga atawerama pang'ono kumbuyo kwa chishango. Palibe amene waima chilili ngati akudikira kujambulidwa.

Mukatsegula bokosi mumapeza zimango za pulasitiki zimene pamamatirira matupi, mitu, mikono ndi zishango, chilichonse pachokha. Ziwalozi mumazidula ndi kapanga kakang'ono kodulira waya kapena kampeni kakuthwa, n'kupala kamzere kamene kamatsala pamene zikombole ziwiri zinakumana, kenaka n'kumata. Guluu woyenera ndi uja wosungunula pulasitiki, monga Revell Contacta kapena Tamiya Extra Thin, chifukwa amalumikiza ziwalo ziwiri kukhala chinthu chimodzi. Ine ndinayamba ndi guluu wouma msanga uja timamatira nsapato, ndipo mikono itatu inathothoka tsiku loyamba kusewera. Kulakwa kunali kwanga. Mitu ilipo ya amuna okwatira, ovala mkombero wa pamutu umene Azulu amautcha isicoco, ndi ya anyamata osakwatira. Zida zilipo mikondo yobayira ya mpeni waukulu, nthungo zoponya, zibonga ndi mfuti, ndipo kupezeka kwa mfuti n'kolondola, pakuti pofika 1879 Azulu anali ndi mfuti zambiri za gogodela, ndipo atagonjetsa Angerezi pa Isandlwana pa 22 January chaka chimenecho anatolanso za mtundu wa Martini-Henry.

Ngati cholinga chanu ndi nkhondo ya Cetshwayo, mfumu ya Azulu, ndi Angerezi, kuyambira Isandlwana ndi Rorke's Drift kufikira Ulundi pa 4 July 1879, bokosili silifuna kusinthidwa kalikonse, ndipo ndingangoti gulani mabokosi atatu n'kuyamba ntchito. Buku la malamulo limene timagwiritsa ntchito kumene ndimasewera, The Men Who Would Be Kings la Daniel Mersey, limafuna tizidole 16 pa gulu limodzi la ankhondo otere, choncho bokosi limodzi limapereka magulu awiri n'kutsala tizidole 6, pamene mabokosi atatu amapereka magulu asanu ndi awiri. Pa mtengo, kachidole kamodzi kanagwera pa mapeni osafika 60 pamene ndinkagula, chimene tizidole ta chitsulo sitingayerekeze n'komwe.

Kumene bokosili linandionetsa ubwino wake weniweni ndi pamene ndinayamba kuliwononga. Angoni anachoka kum'mwera m'zaka za m'ma 1820, pa nthawi ya Shaka, ndipo pamene ankakumana ndi asilikali a British Central Africa (dzina la Malawi panthawiyo) m'zaka za m'ma 1890 n'kuti patapita zaka zoposa 60. M'zaka zimenezo anayenda kudutsa maiko a Ashona, Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena mpaka ku Ufipa kumene Zwangendaba anamwalirira, ndipo kulikonse ankatenga anthu n'kuwalowetsa m'magulu awo. Wankhondo wa Mpezeni kapena wa Gomani ankanyamula chishango cha chikopa cha ng'ombe ndi mkondo wobayira monga Mzulu, koma kawirikawiri iyeyo kapena mayi ake anali Mnsenga kapena Mchewa, ndipo zovala zake zinali zitatengera zambiri za m'njira. Munthu amene angopaka Azulu a 1879 utoto n'kuwatcha Angoni wadumpha mbiri yonseyo.

Choncho ntchito yaikulu inali pamutu. Zithunzi ndi malongosoledwe akale zimasonyeza Angoni atavala zisoti zikuluzikulu za nthenga zakuda za tambala, ndipo ena chisoti cha manyenje a mbidzi oimirira mozungulira mutu. Aliyense amene anaonererapo ngoma ku Ntcheu, ingoma ku Mzimba kapena mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata akudziwa mmene nthenga zimamukulitsira munthu akamavina. Pa kachidole, chisoti cha nthenga ndinachiumba ndi phala lomatira la mitundu iwiri limene timalitcha Green Stuff, lomwe mumakanda mbali yachikasu ndi yabuluu mpaka zisanduke zobiriwira. Ndinkaika kampira kakang'ono ngati njere ya mapira pa mutu wa mnyamata wosakwatira, n'kudikira mphindi 20 kuti phalalo lisamamatirire kwambiri, kenaka n'kukoka nthenga imodziimodzi ndi nsonga ya singano yonyowetsa m'madzi. Zisanu zoyambirira zinaoneka ngati anthu osenza mitolo ya masamba a maungu. Pofika chakhumi dzanja linali litazolowera. Chisoti cha mbidzi n'chosavuta kuposa pamenepo: mumadula kachidutswa kozungulira ka pepala lolimba, n'kuboola pakati kuti mutu ulowe, n'kucheka m'mphepete mwake timizere tambirimbiri ndi lumo, ndipo mukapaka mizere yoyera ndi yakuda chimadziwika ngakhale muli kutali ndi tebulo.

Apa mpamene mitu ya a Perry imathandiza. Chifukwa chakuti ndi yaing'ono moyenera, chisoti chachikulu chimaoneka chachikulu pa iyo, monga chimaonekera pa munthu. Ndinayesapo kuumba chisoti chomwecho pa kachidole ka mutu waukulu ka kampani ina, ndipo kanaoneka ngati kakugwa chagada. Pulasitiki wake nayenso amadulika bwino osanyenyeka, kotero kuti kutembenuza dzanja pa mfundo kapena kuchotsa mkondo kuti muikepo china ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Mitu ya mkombero ndinaisungira manduna ndi akuluakulu ochepa, chifukwa ndinkafuna kuti osewera azitha kuzindikira mtsogoleri wa gulu mosayang'ana pansi pa kachidole.

Kuti gulu lioneke kuti ndi la anthu osakanikirana, tizidole tina ndinatichotsa zishango n'kutipatsa uta wa waya wa mkuwa wopinda, tina nkhwangwa ya nkhondo yodulidwa ku kachidutswa ka pulasitiki, ndipo tingapo ndinativeka nsalu. Nsalu imapangika ndi pepala lofewa lopukutira m'manja: mumadula kachidutswa, n'kukakulunga m'chiuno kapena paphewa, n'kukanyowetsa ndi guluu woyera wa akalipentala wosungunula m'madzi. Likauma limalimba n'kusunga makwinya ake. Matupi a m'bokosili ali pafupifupi osavala kumtunda, ndipo zimenezi, zomwe wina angazione ngati kuchepa kwa zokongoletsa, kwa wosintha tizidole ndi mwayi, pakuti kuwonjezera n'kosavuta kuposa kupala zimene wina anaumba kale. N'zoonanso ndi mbiri, chifukwa Azulu a 1879 ankasiya zovala zambiri za mwambo kunyumba akamapita kunkhondo.

Pali malo awiri amene bokosili silingakuthandizeni, ndipo si mlandu wa oumba chifukwa sanalonjeze zimenezo. Oyamba ndi akuti matupi onse ndi a amuna amphamvu amene ali pa liwiro. Mulibe amayi, ana, okalamba kapena onyamula katundu, pamene nkhondo za kwathu kuno za nthawi imeneyo zinkachitikira pa midzi, pa nkhokwe ndi pa makola, ndipo nthawi zambiri nkhani inali ya ng'ombe ndi anthu ogwidwa. Achiwiri ndi akuti mukamanga tizidole topitirira 100, kaimidwe ka matupi kamayamba kubwerezeka, ndipo diso limaona kuti mwendo womwewo wadutsa kangapo. Zisoti ndi nsalu zimabisa zimenezi ndithu, koma amene akumanga Azulu osasintha ayenera kusinthasintha mbali imene mutu wayang'ana ndi kukwera kwa chishango.

Pa utoto ndinena chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaona magulu a anzathu ena: khungu la munthu wakuda si lakuda ngati makala. Ndimayamba ndi utoto wofiirira wakuda, n'kuwonjezera wofiirira wowala pa mapewa, pa mphuno, pa mawondo ndi pa zigongono, kenaka n'kutsuka ndi utoto wamadzimadzi kuti ulowe m'mizere ya minofu. Ndimasakaniza mitundu itatu kapena inayi m'gulu limodzi, chifukwa pa mudzi uliwonse pali oderako ndi oyererako. Minofu ya tizidole timeneti inaumbidwa mosakokomeza, choncho utoto wamadzimadzi umagwira bwino osasiya mabala. Zishango ndiye zokondweretsa koposa. Kwa Azulu mtundu wa chishango unkatsata gulu, magulu a akuluakulu kukhala ndi zoyera kwambiri ndipo a anyamata zakuda kwambiri. Kwa Angoni anga ndinangotsata zikopa za ng'ombe monga ndimazikumbukira ku madambo a kwathu, zofiira, zakuda, za mawanga ndi za mathothomathotho, ndipo palibe ziwiri zofanana.

Ankhondo opanda dziko loyendamo ndi zidole chabe, choncho ndinamanganso mudzi. Tinyumba ta Chizulu togulitsa m'masitolo ndi tija ta udzu tokhatokha tozungulira ngati dengu lovundikira, ndipo sitigwirizana ndi midzi ya ku Dedza kapena Ntcheu, kumene nyumba inali ya mitengo yomata dothi ndi denga losongoka la udzu. Ndinatenga machubu a katoni otambalala masentimita 7, amene pa muyeso uwu akuimira nyumba ya mamita pafupifupi 4, n'kuwadula kutalika masentimita atatu ndi theka. Khoma ndinalimata ndi pulasitala wotsekera ming'alu wosakaniza ndi mchenga wosefa, ndipo ndinasiya zala zanga zidinde pang'ono monga zimaonekera pa nyumba yozira ndi manja. Denga ndi pepala lolimba lopinda ngati chipewa, lokutidwa ndi chingwe cha khonje chomasula n'kupesa, chomatidwa kuyambira m'munsi kukwera kunsonga monga wofolera weniweni amachitira. Anzanga ambiri amagwiritsa ntchito thaulo lakale ponamizira udzu, ndipo limafulumira, koma khonje limapereka m'mphepete mosalingana ngati denga limene lagwa mvula ziwiri. Khonde ndinalichirikiza ndi timitengo totokosera m'mano.

Nkhokwe zinandivuta kuposa nyumba, chifukwa nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi imafuna kuti kulukako kuoneke. Pomaliza ndinaimika mapini mozungulira pa kachidutswa ka thabwa, n'kuluka ulusi wokhuthala pakati pawo, n'kuuumitsa ndi guluu. Iliyonse inanditengera madzulo athunthu, ndipo ndinalekera pa zitatu. Linga ndiye linayenda msanga. Midzi yambiri ya Achewa ndi Atonga inkadzitchinjiriza ndi malinga poopa Angoni, ndipo dzina la Linga likadalipo ku Nkhotakota. Langa ndinalimanga ndi timitengo touma ta m'tchire, tosalingana kutalika, tozikidwa mu phala la Milliput pa timizere ta thabwa lopyapyala totalika masentimita 15, kuti ndizitha kulikulitsa kapena kulichepetsa. Timitengo totola panja tiyenera kuumitsidwa mu uvuni wosatentha kwambiri tisanamatidwe, kupanda kutero mudzapeza nkhungu kapena tizilombo m'bokosi losungira. Dothi ndinalipaka lofiira ngati katondo, udzu wachikasu wa m'chilimwe, ndipo ndinawonjezera zulu ziwiri za chiswe ndi mlambe umodzi wa waya wopota wokutidwa ndi phala. Mngerezi wina wa ku kalabu kwathu anafunsa ngati zuluzo zinali manda, ndipo ndinatenga nthawi kumufotokozera za chiswe.

Tsinde la tizidole ndinalipaka dothi lomwelo. Bokosili limabwera ndi timatsinde ta pulasitiki, koma ine ndinamata kachidole kalikonse pa kawashala kachitsulo kuti kalemere pansi, chifukwa pulasitiki ndi wopepuka ndipo chisoti cha phala chimakweza kulemera kumutu. Popanda chitsulocho, munthu akangogunda tebulo impi yonse imagona.

Masewera oyamba amene tinachita ndi gulu limeneli anali otengera nkhondo ya Mpezeni ya mu January 1898, pamene asilikali ochokera ku British Central Africa, Asikh a ku India pamodzi ndi asilikali akuda otsogozedwa ndi Angerezi, analowa m'dziko la Angoni pafupi ndi kumene lero kuli Chipata ali ndi mizinga ndi mfuti zachiwaya za Maxim. Nkhondoyo inatha m'masabata ochepa, Nsingu mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1896, Gomani wa Amaseko anali ataphedwa kale ndi asilikali a boma lomwelo. Sindibisa kuti kusuntha tizidole timeneti kulunjika pa Maxim kumandikhudza mosiyana ndi mmene kumamukhudzira mnzanga wa tsidya lina la tebulo, amene kwa iye ndi nkhondo ina chabe mwa nkhondo zambiri za mfumukazi Victoria. Iye ankadziwa dzina la msilikali aliyense wotchuka wa pa Rorke's Drift, koma dzina la Nsingu analimva koyamba tsiku limenelo. Msika wa tizidole umatsata nkhondo zimene Angerezi amazikumbukira, n'chifukwa chake Azulu ndi ankhondo a Mahdi a ku Sudan alipo a pulasitiki, pamene Angoni, Ayao a Makanjira amene anapha Captain Cecil Maguire mu 1891, ndi anthu a Mlozi a ku Karonga muyenera kudzipangira kapena kufunafuna a chitsulo okwera mtengo.

Pa tebulo, nkhondo ya pabwalo loyera inatha monga inathera m'mbiri, ndipo sinakondweretse aliyense. Titasintha kuti ikhale ya gulu laling'ono la asilikali likuyendetsa ng'ombe zolanda kudutsa m'tchire la udzu wautali, masewera anakoma, pakuti Angoni ankatha kubisala n'kufika pafupi mfuti zisanawathe. Tizidole tinapirira kugwiridwagwiridwa bwino lomwe. Mikondo ya pulasitiki ndi yopyapyala, monga iyenera kukhalira pa muyeso woona, ndipo iwiri inathyoka pamene ndinatsekera bokosi losungira mosasamala. Ndinaboola m'manja ndi kachiboolero ka theka la milimita n'kulowetsamo waya wolimba wophwanthitsa kunsonga, ndipo tsopano ndimachita zimenezo pa nthungo zonse zoponya ndisanapake utoto.

Kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zambia, chopinga chachikulu ndi mtengo wotumizira ndi msonkho, zimene zingathe kupitirira mtengo wa bokosi lenilenilo. Njira yabwino ndi kutuma wachibale wobwera kuchokera ku Britain kapena ku South Africa, ndipo zimango zikachotsedwa m'bokosi zimalowa mu envelopu yaikulu osalemera. Guluu wosungunula pulasitiki ndi woyaka moto ndipo amaletsedwa m'ndege, choncho musamutume ameneyo. Ngati simumupeza kwanuko, guluu wouma msanga angagwire ntchito mukayamba mwapala malo olumikizira kuti akhale okhakhala. Zina zonse, khonje, mchenga, timitengo, katoni ndi guluu wa akalipentala, zili pakhomo panu kale, ndipo mtundu wa dothi simufunika kuukumbukira monga ndimachitira ine.

Bokosi lachiwiri ndagula kale, ndipo mitu, mikono ndi zishango zotsala za loyamba ndazisunga m'kachitini. Zina mwa izo ndikufuna kuziphatikiza ndi matupi ovala mikanjo a m'bokosi la a Perry la ankhondo a Mahdi, kuti ndione ngati mungatuluke anthu a mfuti a m'malinga a Mlozi a m'zaka za 1887 mpaka 1889. Mitu iwiri imene ndayesa kale yakhala pa makosi popanda kufuna phala lochuluka.